Kodi adatifunsa liti? Mbiri ya lamya, netiweki ndi mawu a anthu akumudzi

 Mwezi uno tsamba la mbiri lagwera ine, ndiye ndasankha nkhani ya chinthu chimene mwagwira m'manjamo panopa, foni. Funso langa ndi limodzi basi: pa malamulo onse a lamya, netiweki ndi data amene boma lakhala likupanga, kodi munthu wa kwa Malili, kwa Chiseka kapena kwa Chadza adafunsidwapo liti? Nanga pamene adafunsidwa, adamvedwa? Nkhaniyi ndi yayitaliko, choncho ngati bandulo yatsala pang'ono, isungeni muwerenge bwino madzulo.

Waya woyamba

Positi m'dziko muno idayamba mu 1891, nthawi ya Harry Johnston. Makalata ankayenda wapansi, atasenzedwa ndi amtengatenga. Mukadzadutsa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, pa Namaka pali nyumba yosungira mbiri ya anthu amenewa. M'zaka zomwezo za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes idakoka waya wa telegalafu kuchokera ku Salisbury, kudzera ku Tete, kufika ku Blantyre ndi ku Zomba, kenako kutsata nyanja kudutsa ku Nkhotakota mpaka ku Karonga. Mapolo achitsulo ndi mipukutu ya waya adasenza ndi makolo athu. Uthenga woyenda pawayapo unali wa bwanamkubwa, asilikali ndi amalonda. Panalibe mfumu kapena mlimi amene adafunsidwa kuti waya udutse pati, kapena utumikire ndani.

Pajatu atsamunda ankakonda kukhazikitsa makomishoni ofufuza zinthu zikavuta. John Chilembwe ataukira mu 1915, boma lidaika komishoni ya azungu okhaokha, ndipo anthu akuda ena adakaperekako umboni. Mu 1938 kudabwera komishoni ya Bledisloe kudzafunsa ngati Nyasaland aphatikizidwe ndi maiko awiri a Rhodesia. Mafumu, aphunzitsi ndi mabungwe a anthu akuda adakana poyera, ndipo lipoti la mu 1939 lidalemba kuti anthu akukana. Koma mu 1953 chitaganya chidakhazikitsidwabe. Mu 1959, boma litalengeza za ngozi pa 3 Malichi n'kumanga anthu ambirimbiri, komishoni ya Devlin idamva mboni mazanamazana, ndipo lipoti lake lidachititsa manyazi boma la Britain. Zaka zisanu zokha zitadutsa tidalandira ufulu.

Mwaona apa, anzanga, kufunsidwa ndi kumvedwa ndi zinthu ziwiri. A 1938 adayankha, boma lidachita zake. Komabe yankho lawo lidalembedwa, ndipo zinthu zitavuta mu 1959 palibe akadanena kuti anthu sadachenjeze. Mawu olembedwa saola msanga. Gwirani mfundo imeneyi, tiyifunanso kumapetoku.

Nthawi ya chipani chimodzi

Kuyambira 1964 mpaka 1994 lamya inali m'manja mwa dipatimenti ya boma yoona za positi ndi matelefoni. Wailesi inali imodzi, MBC. Kanema kunalibe. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mawaya adadzadza ku Capital Hill ndi ku City Centre, koma mudzi wa makilomita ochepa kuchokera pamenepo unkadalirabe kalata, telegalamu, kapena foni ya pa positi, pa mishoni ndi pa chipatala. Funsani agogo anu mmene uthenga wa maliro unkafikira mwana wawo ali ku migodi, kapena mmene ankadikirira mauthenga apadera pa wailesi. Kuno ku Likuni tinali ndi mwayi wa makina osindikizira a Likuni Press, kumene kunkatuluka nyuzipepala ya Odini, koma kudandaula poyera za ntchito ya boma nthawi imeneyo kunali kudziputira. Anthu ankaopa kuti makalata amatsegulidwa ndipo pa foni pamakhala khutu lachitatu.

Chodabwitsa n'chakuti waya womwewo udathandiza kugwetsa mantha. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Miyezi yotsatira, makalata otsutsa boma ankalowa kudzera pa fakisi, n'kumachulukitsidwa pa fotokope m'maofesi, ndipo anthu ambiri adamangidwa chifukwa chopezeka nawo. Pa 14 Juni 1993 padachitika riferendamu, nyali kapena tambala wakuda. Kameneka kanali koyamba boma kufunsa funso limodzi kwa wamkulu aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, pamudzi pake pomwe. Chigawo chathu chapakati ambiri adasankha chipani chimodzi, dziko lonse lidasankha zipani zambiri, koma voti ya aliyense idawerengedwa.

Malamulo oyendetsera dziko amene adabwera mu 1994 ali ndi ndime ziwiri zimene aliyense wa foni ayenera kuzidziwa. Ndime 21 imateteza chinsinsi cha munthu, ndipo imatchula makalata ndi mauthenga a pa lamya. Ndime 37 imapereka ufulu wodziwa zimene boma likusunga. Zisungeni ziwirizi.

Foni yam'manja ifika

TNM idayamba mu 1995, mogwirizana pakati pa bungwe la boma la positi ndi matelefoni ndi kampani ya Telekom Malaysia. Celtel idalowa mu 1999, idasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Communications Act, limene lidabala MACRA, bungwe lopereka ziphaso kwa makampani a mafoni ndi mawailesi komanso loyang'anira kuti ogula asaponderezedwe. Mu 2000 bungwe lakale lija lidagawidwa pawiri, MTL kutenga matelefoni, Malawi Posts Corporation kutenga makalata. Chaka cha 1998 chimenecho tinalipo anthu pafupifupi 10 miliyoni, koma mafoni a waya m'dziko lonse sankafika 50,000. N'chifukwa chake achimwene athu akuluakulu amakumbukira mabyulo, kumene munthu ankalipira pa mphindi, wina atagwira wotchi pambali.

Foni yam'manja idachita zimene waya udalephera zaka 100. Koma nsanja za netiweki zidatsata ndalama. Nsanja imafuna magetsi kapena dizilo, msewu wofikirako, mlonda, ndi anthu ambiri ogula mayunitsi kuti ibweze ndalama zake. Ndiye kampani imayamba ndi tawuni, msewu wa M1 ndi misika ikuluikulu. Mukakhala pa Nathenje, pa msika wa Mitundu kapena pa Chigwirizano foni imagwira. Mukapatuka kulowa m'kati, kulowera cha ku Dzalanyama, timizere tija timayamba kuthothoka kamodzikamodzi, mpaka mudzi wonse umadziwa chulu kapena mtengo umene "imagwirira". Kampani sikuti yaiwala midzi imeneyi. Yawerengera, yapeza kuti phindu ndi lochepa. Pamenepo ndi pamene pamafunika boma, ndipo boma limayenda msanga kumene kukuchokera phokoso.

Mmene boma limafunsira

Masiku ano MACRA kapena unduna ukafuna kusintha lamulo, kawirikawiri umafunsa maganizo. Chidziwitso chimatuluka mu The Nation kapena The Daily Times, m'Chingerezi. Chikalata chenichenicho, cha masamba ambirimbiri, chimaikidwa pa intaneti. Pamakhala tsiku lotsekera. Kenako msonkhano mu hotela ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Nduna ya zachuma nayo imayenda chimodzimodzi isanapereke bajeti. Amene amafika ndi maloya a makampani, mabungwe, atolankhani ndi aphunzitsi a ku yunivesite. Chitseko sichitsekedwa, zoona, koma taganizani: kuti upereke maganizo pa vuto la netiweki uyenera kukhala ndi netiweki, bandulo, Chingerezi cha malamulo ndi imelo. Amene vutoli lamukhudza kwambiri ndi amene alibe zonsezi. Ife a ku Likuni minibasi imodzi yokha tafika m'tauni, koma ndi angati mwa ife adamvapo kuti msonkhano wotere ukuchitika lero?

Kumudzi boma limabwera ndi kafukufuku. Kalembera wa 2018 adapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 aliwonse amakhala kumudzi. Kafukufuku wa National Statistical Office ndi MACRA wa 2019 adapeza kuti ogwiritsa ntchito intaneti anali pafupifupi 41 mwa 100 m'tauni, koma 9 okha mwa 100 kumudzi. Manambalawa ndi ofunika kwambiri. Koma wakafukufuku amafunsa kuti "muli ndi foni?", amachonga, n'kupita nyumba ina. Safunsa kuti nsanja yotsatira imangidwe kuti.

Njira ina idayesedwapo ndipo idagwira. Mu 1999 ku MBC kudakhazikitsidwa nthambi ya Development Broadcasting Unit, ndi pulogalamu ya Kanthu N'khama. Makalabu omvera wailesi m'midzi ankajambula okha madandaulo awo pa kaseti, mkulu wa boma wokhudzidwayo n'kubwera kudzayankha pabwalo, zonse n'kuulutsidwa. Zinali m'Chichewa, pansi pa mtengo, opanda imelo. Ndiye wina asakunamizeni kuti anthu akumudzi n'ngovuta kuwafunsa.

Pamene anthu adayankha asadafunsidwe

Apa ndi pamene mbiri yake ikukoma. Zosintha zambiri zimene tikudyerera lero zidabwera chifukwa anthu adalankhula okha.

Choyamba ndi makina amene anthu adawatcha "spy machine". Cha m'ma 2010 MACRA idagula makina otchedwa CIRMS, ponena kuti ikufuna kuona ngati makampani akupereka netiweki yabwino komanso ngati akunena zoona pa ndalama zimene amapeza. Anthu adaopa kuti boma liziona amene waimbira ndani. Nzika ziwiri zidapita kukhoti, zitagwira ndime 21 ija. Bwalo lalikulu lidagwirizana nazo mu 2012, koma bwalo la apilo lidatembenuza chigamulocho mu 2014. MACRA idapambana mlandu, komabe dziko lonse lidaphunzira kufunsa kuti zokhudza mafoni athu amasunga ndani. Mlanduwu uli ndi mbali ziwiri, chifukwa munthu wakumudzi amafuna chinsinsi chake, komanso amafuna wina aziyeza ngati kampani ikumubera mayunitsi.

Chachiwiri ndi msonkho. Mu bajeti ya 2015, nduna ya zachuma Goodall Gondwe idaika msonkho wa 10 peresenti pa mameseji ndi data. Anthu adadandaula, koma msonkhowo udadutsa. Mu 2019 nduna Joseph Mwanamvekha idabwera ndi msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni. Apa Airtel Money, imene idayamba mu 2012, ndi Mpamba wa mu 2013, zinali zitasanduka banki ya mayi wogulitsa tomato ndi mnyamata wa kabaza. Mabungwe oimira ogula monga CAMA, makampani, aphungu ndi anthu wamba pa wailesi adakana ndi mawu amodzi, ndipo boma lidauchotsa bajeti isadavomerezedwe. Kusiyana kwa 2015 ndi 2019 ndi kuchuluka kwa olankhula, komanso nthawi: adalankhula chinthu chidakali pa tebulo la aphungu.

Chachitatu, mu Juni 2019, chisankho chitavuta, MACRA idaimitsa mapulogalamu oimba foni pa wailesi. Kwa munthu wakumudzi pulogalamu yotere ndiye nyumba yake ya malamulo. MISA Malawi ndi nyumba zina zoulutsira mawu zidapita kukhoti, ndipo chiletsocho chidachotsedwa.

Chachinayi ambirife tikuchikumbuka: #DataMustFall mu 2020. Sukulu zinali zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, aliyense akuti phunzirani pa intaneti, koma data inali yodula zedi. Achinyamata adadzadza Facebook ndi Twitter. Nduna ya zofalitsa nkhani ya nthawiyo, Gospel Kazako, idaikapo mawu, MACRA idakumana ndi makampani, ndipo mtengo wa data yogwiritsa ntchito popanda bandulo udatsika.

Tsono onani bwino amene adapambana pa nkhani zinayizi. Anali anthu a loya, a wailesi, a foni ya tachi. Adatithandiza tonse, tiwathokoze. Koma mavuto amene ndi akumudzi okhaokha, monga kusowa kwa nsanja, kulipira kuti utchaje foni, kuyenda mtunda kukapeza ejenti amene ali ndi ndalama zokwanira, alibe hashtag. Amene akadailemba ali pa chulu kusaka netiweki.

Data inanso ija

Ife tikati data timanena ya bandulo. Boma likati data, nthawi zina limanena inuyo: dzina lanu, nkhope, zidindo za zala, mudzi, nambala ya foni. Mu 2017 National Registration Bureau idalemba anthu opitirira 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika. Mu 2018 simu khadi iliyonse idayenera kulembetsedwa. Mu 2020 pulogalamu ya AIP idayamba kugwiritsa ntchito chiphaso chomwecho pogula feteleza wotsika mtengo, ndipo manyuzipepala adalemba za alimi ogona pamadepoti chifukwa netiweki yakana. Pamenepo netiweki idasiya kukhala nkhani ya macheza a pa WhatsApp, idakhala nkhani ya nsima. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza aphungu kuti akuba a pa kompyuta alowerera makina opangira mapasipoti.

Kwa zaka zonsezi zinthu zathu zinkasonkhanitsidwa popanda lamulo lapadera lozitetezera. Chikalata choyamba cha lamulolo chidatuluka mu 2021 kuti anthu aperekepo maganizo, mwa njira ija ya intaneti ndi Chingerezi. Lamulo lenileni, Data Protection Act, lidayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo woyang'anira ndi MACRA. Limakupatsani mphamvu yofunsa bungwe kapena kampani kuti ikusunga chiyani za inu, yokonzetsa zolakwika, komanso yokana kuti zanu zigwiritsidwe ntchito mwachisawawa. Lidadutsa ambirife tisakudziwa, koma ndi lathu. Likumbukireni nthawi ina wina akadzati "tabweretsani ID tijambule" popanda kufotokoza, kapena mukadzalandira meseji ija ya "ndalama ija mutumize pa nambala iyi".

Makomo amene alipo

Lamulo la Communications Act lidalembedwanso mu 2016, ndipo lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund. Makampani amaponyamo gawo la ndalama zimene amapeza, kutanthauza kuti ndi ndalama za mayunitsi athu, ndipo ntchito yake ndi kufikitsa mafoni ndi intaneti kumene kampani payokha singapite. Midzi ya kuseri kwa Mitundu ndiye eni ake a thumba limeneli.

Khomo lachiwiri ndi ndime 37 ija. Idadikira zaka zoposa 20 kuti ipeze mano. Atolankhani a MISA Malawi adalimbana nayo zaka zopitirira khumi, aphungu adavomereza lamulo la Access to Information mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika adasaina mu Febuluwale 2017, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Pansi pa lamuloli Mmalawi aliyense atha kufunsa bungwe la boma, polemba kapena pakamwa, ndipo liyenera kuyankha pasadathe masiku 15 ogwira ntchito. Likakana popanda chifukwa, nkhani imapita ku Malawi Human Rights Commission. Kalabu ngati yathu itha kufunsa MACRA kuti ndalama za thumba lija zagwira ntchito yanji m'boma la Lilongwe, ndipo madera otsatira amasankhidwa bwanji.

Khomo lachitatu lili pakhomo pathu pomwe. Kuyambira 1998, pamene lamulo la maboma ang'ono lidakhazikitsidwa, chitukuko chimayenera kuyambira ku VDC, kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo. M'makomitiwa mumamveka mjigo, mlatho, buloko ya sukulu. Netiweki simveka kawirikawiri, chifukwa timaiona ngati nkhani ya kampani. Chimene sichidalembedwe mu pulani ya mudzi, khansala ndi phungu alibe pepala loti akagwire.

Palinso ofesi ya madandaulo a ogula ku MACRA, ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Ndondomeko yake ndi yakuti muyambe mwadandaula ku kampani, musunge nambala ya dandaulo lanu, zikakanika mupite pamwamba.

Tsono ife titani?

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikupempha tikawakambirane pa msonkhano wathu ukubwerawu. Tigule kope limodzi. Membala aliyense, kwa mwezi umodzi, azilemba mudzi, malo enieni, tsiku, nthawi, ndi chimene chidakanika: kuimba, meseji, kutumiza ndalama kapena intaneti. Tifunsenso amayi a banki m'khonde, azaumoyo a m'midzi, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi, chifukwa iwowa amadziwa pamene netiweki idachedwetsa ambulansi kapena malipiro. Anzathu a ku Mitundu ndi ku Nathenje, chitani chimodzimodzi kwanuko, tidzaphatikize. Pakutha pa mwezi tilembe kalata imodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, a gulupu adindepo, ipite ku ADC, kwa khansala, kwa phungu ndi ku MACRA. Kope lina tisunge. Tisankhenso anthu awiri oti aziyang'ana zidziwitso za MACRA ndi za Nyumba ya Malamulo sabata iliyonse, akaona kuti akufunsa maganizo azimasulira mwachidule n'kuponya pa gulu lathu tsiku lotsekera lisadafike.

Mwina wina akuti, aaa, kalata ya kalabu ingasinthe chiyani? Mwina nsanja sibwera chaka chino. A 1938 aja nawonso sadapeze zimene ankafuna nthawi yomweyo, ndipo lamulo la Access to Information lidatenga zaka zoposa khumi. Koma tsiku limene a MACRA adzakhale pansi kusankha madera, mudzi umene uli ndi kalata, masiku ndi mayina a malo udzakhala patsogolo pa mudzi umene udangodandaula pa bawo.

Lembani m'munsimu dzina la mudzi wanu ndi malo amene foni imagwirira. Amene muli ndi agogo okumbukira telegalamu kapena foni ya pa positi, afunseni, mutitumizire nkhani zawo kuti tidzaike m'kope la mwezi wamawa. Ndipo mukapita kumudzi kumapeto a sabata ino, awerengereni nkhaniyi amene alibe bandulo, mumve maganizo awo, mubwere nawo ku msonkhano.